Nyale Zogwada za a Cyril Wragg

Kuno ku Stannow tili ndi anthu amene amakhulupirira kuti chinthu chikatuluka kufakitale chili ndi chilema, chilemacho n'chopatulika ndipo wochikhudza wachimwa. Anthu amenewa alipo khumi ndi anayi. Ali ndi kalabu yawo ya galimoto zakale za mtundu umodzi, tayi yawo ndi buku lawo la malamulo, ndipo wouma mutu kuposa onsewo anali a Cyril Wragg.

A Wragg anapuma pa ntchito yoyendera masikelo a m'mabutchala ndi m'magolosale, koma ntchitoyo sinapume mwa iwo. Chilichonse m'galaja mwawo chinali ndi kapepala ka dzina. Botolo la misomali analilemba kuti MISOMALI. Tsache analilemba kuti TSACHE, kuopa kuti tsiku lina angadzalisokoneze ndi fosholo. Pakati pa zolembedwa zonsezi pankagona galimoto yawo yofiira ya 1969, ya mipando iwiri, yotsika kwambiri moti munthu wa zaka zawo ankalowamo ngati akulowa m'bafa ndipo ankatulukamo chokwawa.

Galimoto za mtundu umenewu nyale zake zimabisala m'mphuno, ndipo sizidzuka ndi magetsi ayi. Injini ikamalira imayamwa mpweya. Kuyamwako kumadutsa m'timapaipi ta labala n'kukafika m'zitini ziwiri, ndipo zitinizo ndi zimene zimakoka nyale kuti zitukuke. Zimatukuka mwaulesi uku zikuti psss, yakumanzere ikutsalira ngati mwana wokana sukulu. Vuto n'lakuti ukaponda mafuta kwambiri pachitunda, kuyamwa kuja kumachepa, nyale n'kuyamba kubwerera m'mphuno. Pamalo pomwe ukufunitsitsa kuona m'pomwe galimoto imatsinzina. Munthu wamutu wabwino amati limeneli ndi vuto. A kalabu amati galimoto ikugwada, ndipo amaivulira zipewa.

Zaka zitatu zapitazo, tsiku lina la mu Novembala cha m'ma folo koloko, kunja kutayamba kale kuda ndipo nkhungu ili mbuu, a Wragg ankakwera chitunda cha Stannow ndi akazi awo a Noreen, amene anali atanyamula keke ya kutchalitchi pamiyendo. Pakhona yaikulu ija nyale zinagwada. A Wragg anaphonya msewu, mwamwayi anaphonyanso mpanda wa miyala, n'kulowa pachipata cha mlimi mpaka kukaima m'mulu wa manyowa. Keke inathera kumaso kwa a Noreen.

A Wragg anatuluka msangamsanga, anathamangira kutsogolo, anagwada m'manyowamo n'kuyamba kusisita mphuno ya galimoto.

"Sinang'ambike, Noreen," anatero ndi chimwemwe. "Penti yokha ndiyo yakalika pang'ono."

A Noreen anapukuta keke m'maso, anatuluka, n'kuyenda wapansi mamailosi awiri kubwerera kunyumba. Sanakalipe. Pa chakudya chamadzulo anangoti, "Galimoto yotsinzina ija ine sindidzakweranso." Ndipo a Noreen akanena chinthu zimakhala ngati asainira.

Poyamba a Wragg ankati zitha zokha. Anali atayenda limodzi m'galimoto imeneyo zaka zoposa makumi anayi, kumaukwati, kumaliro, kugombe la ku Wales, a Noreen atagwira mapu mozondoka n'kumawauza kuti akhota molakwika. Tsopano Lamlungu lililonse ankayenda okha, pampando winawo pali fulasiki ya tiyi yomangidwa lamba. Fulasiki sitsutsa munthu. A Wragg anazindikira mochedwa, monga amachitira amuna, kuti chimene chinkakoma pa maulendo aja chinali kutsutsidwako. Anawasowa akazi awo kwambiri, ngakhale kuti ankadya nawo pa tebulo limodzi tsiku ndi tsiku.

Mankhwala ake aliyense ankawadziwa. Unkangochotsa ntchito zitini zija n'kuikapo timamota tiwiri ta magetsi, tochotsa pa kagalimoto kakufa ka ku Japan. Koma lamulo lachisanu ndi chiwiri la kalabu linkati galimoto ikhale monga inatulukira kufakitale, osasintha ngakhale kanati kamodzi, ndipo amene analemba lamuloli anali a Wragg omwewo. Sanangolilemba, analigwiritsanso ntchito. Zaka khumi ndi ziwiri m'mbuyomo a Wragg analanda a Alwyn Bunting, mnzawo wa kuubwana, chikho cha mpikisano wa kalabu chifukwa cha kachitsulo kamodzi komangira paipi kamene kanali ka 1974. Kuyambira tsiku limenelo a Bunting anasiya kuwatchula kuti Cyril, ankangoti "a Wragg" ngati akuitana munthu kuchipatala. Ndiye chaka chino woweruza wa kalabu anali a Bunting. Mlandu suola.

Komabe itafika Januwale, fulasiki ija itawakwana, a Wragg anaitanitsa timamota tija. Katoni itafika anailemba kuti ZA KHRISIMASI n'kuibisa kuseri kwa makina otchetchera kapinga. Anaphimba zenera la galaja ndi bulangete, kuopa maso a mamembala odutsa ndi agalu awo, ndipo Loweruka ndi Lamlungu limodzi ntchito yonse inatha. Atakoka batani, nyale zonse ziwiri zinangoti kwapu, nthawi imodzi, maso gwa. A Wragg anadzidzimuka mpaka kugunda mutu kudenga la galimoto. Anakankha batani, anakokanso, anakankha, anakokanso. Anachita manyazi ndi mmene zinkawakomera, ngati mkulu wa mpingo woletsa mowa amene walawa koyamba.

Kenako anamvetsetsa kaliridwe kake. Timamotato tinkati zzzt. Palibe membala wa kalabu, ngakhale a Gratton amene khutu limodzi linafa kalekale, amene akanalephera kumva zzzt ali tsidya lina la msewu.

Apa m'pamene panayambira ntchito yeniyeni, yophunzitsa timamota tatsopano makhalidwe oipa a zitini zakale. A Wragg anasiya zitinizo pamalo pake, zopukutidwa bwino, timapaipi take tikupita kosadziwika, ndipo timamota anatipaka penti yakuda n'kutibisa kunsi. Anaika kachipangizo kochepetsa moto kuti nyale zizidzuka mwaulesi. Yakumanzere anaichedwetsa ndi masekondi awiri, atayeza ndi wotchi kambirimbiri. Pansi pa chopondera mafuta anamangapo kabatani, kuti akaponda kwambiri nyale zizitsika pang'onopang'ono mpaka theka, monga zinkachitira kale.

Chimene chinawadya mutu chinali psss. Anayesa kumachita ndi pakamwa, koma mano awo oikirira ankatulutsa likhweru. Anayesa chitini cha mankhwala onunkhiritsa kuchimbudzi, koma galimoto yonse inayamba kununkha maluwa. Pamapeto pake anatenga chubu cha njinga, anachipopa, anachipinda n'kuchilowetsa kuseri kwa nambala ya galimoto, ndipo anakonza kuti nyale ikamadzuka izikanikiza valavu. Kaliridwe kake kanali kokoma kuposa ka zitini zenizeni. Kukonza vuto kunawatengera masiku awiri. Kulibwezeretsa kunawatengera miyezi inayi, ndipo ananyadira kwambiri ntchito yachiwiriyi.

Zonsezi anazilumikiza ku swichi imodzi. Ukaiponyera mbali iyi, nyale zimachita kwapu n'kukhala chilili ngakhale pachitunda. Ukaiponyera mbali inayo, zimayamba ulesi, psss ndi kugwada. Swichiyo anaibisa pansi pa mpando wa wokwera, popeza oweruza amakonda kufufuza mbali ya dalaivala, ndipo monga mwa chizolowezi chawo anamatapo timapepala tiwiri kuti asasokoneze.

Mu Meyi anaima pakhomo la khitchini manja ali kumbuyo.

"Noreen, tabwerani kugalaja kuno mudzaone kanthu."

"Ngati ndi khoswe wina, mutayeni nokha."

"Si khoswe. Tangobwerani."

A Noreen anabwera ndi nsalu yopukutira mbale paphewa, anaima kutsogolo kwa galimoto ngati akuyang'ana mpongozi amene anayambana naye. A Wragg anakoka batani. Kwapu.

"Bwerezani," anatero a Noreen.

Kwapu.

"Ndiye sizigwanso?"

"Ngakhale titakwera khoma la tchalitchi."

"Nanga anzanu a matayi aja akudziwa?"

A Wragg anakanda pamutu. "Adziwa nthawi yake ikakwana."

A Noreen anawayang'ana nthawi yaitali. "Chabwino. Ndidzakwera. Koma ndidzakwera tsiku la kalabu, pachitunda pomwe paja, pakhona yomwe ija. Ndikufuna ndidzaone ndi maso angawa."

Tsiku la kalabu, Loweruka lachiwiri la Seputembala, galimoto zimayamba zaweruzidwa m'bwalo la kuseri kwa bala, kenako zonse khumi ndi zinayi zimakwera chitunda motsatizana, nyale zili zoyaka dzuwa likuswa mtengo, wopambana ali patsogolo. Anthu amakadikirira pakhona yaikulu kuti aone galimoto iliyonse ikugwada, ndipo woweruza amakhala pampanda ndi buku lake, galimoto yake ikuyendetsedwa ndi wachibale. Galimoto yodutsa pamenepo maso ali gwa imakhala yadziulula yokha. Ndiye kuti pakhona imodzi, m'mphindi imodzi, nyale zinayenera kugwada kuti a Bunting aone, komanso kusagwada kuti a Noreen aone.

Munthu wina akanasankha. A Wragg anagula chitini cha maswiti. Anawerengera kuti kugwada konse kumatenga masekondi asanu ndi anayi, ndipo munthu wa zaka za a Noreen akawerama kutola maswiti pansi sangadzuke masekondi khumi ndi awiri asanathe. Anayeserera chilimwe chonse m'galaja, kugwetsa chitini ndi chigongono, kuwerama okha, kudzuka, wotchi ili m'manja. Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma a Wragg ankaona kuti amene ananena zimenezi analibe wotchi.

Tsikulo kunacha ndi kamvula kowaza. A Wragg anapopa chubu, anaponyera swichi mbali ya ulesi, n'kupita kubwalo okha, popeza a Noreen anali atatsogola kukagulitsa tiyi ndi masikono m'tenti ya amayi a kutchalitchi. A Bunting anafika pa galimoto yofiira itakwana leveni koloko. Anali munthu wamtali, wowonda, wa nsidze zambiri, ndipo ankayenda ndi tochi komanso kagalasi ka dokotala wa mano.

"Wadzuka bwanji, Alwyn?"

"Boneti, a Wragg."

A Bunting analowetsa mutu m'injini n'kukhala mmenemo mphindi makumi awiri. Ananunkhiza timapaipi. Anagogoda zitini ndi chikhadabo. Anawerenga timanambala ta pa tizitsulo tomangira mapaipi, kamodzikamodzi, milomo ikugwedera. A Wragg thukuta linali kamukamu m'kati mwa jekete.

"Lizani injini. Nyale."

A Wragg anakoka batani. Psss, inadzuka yakumanja, mwaulesi. Patapita masekondi awiri, psss, inadzuka yakumanzere.

A Bunting anaima chilili. Kenako anatsinzina.

"Bwerezani."

Psss. Psss.

"Gratton, Heathcote, tabwerani kuno nonse," anaitana a Bunting. "Siyani masikonowo mudzamve. Zanu zija zimalira ngati mphaka wa chifuwa. Tamvani izi."

Madala khumi ndi awiri anazungulira galimoto, a Gratton atatembenuza khutu lamoyo. A Wragg ankadziwa kuti m'chubu muja muli mpweya wokwana maulendo asanu basi. Anakoka kachitatu. Anakoka kachinayi.

"Umu ndi mmene zinkalirira zili zatsopano," anatero a Bunting ndi mawu otsika. "Bambo anga atagula yawo, ananditengera kugalaja ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, anati tamvera mwanawe. Ndinali ndisanamvenso kulira kumeneku mpaka lero." Anatulutsa mpango, anapukuta m'maso pamaso pa anthu onse, n'kulemba m'buku mwawo malikisi amene kalabu inali isanaperekepo kwa wina aliyense. Kenako anatambasula dzanja. "Ndinabwera kudzakupeza ndi mlandu, ndisaname. Koma chikho n'chako, Cyril."

A Wragg anagwira dzanjalo. Dzina lawo linali litatha zaka khumi ndi ziwiri lisanatuluke pakamwa pamenepo, ndipo linawakoma. Linawawawanso, chifukwa ankadziwa chimene chinali kuseri kwa nambala.

Itakwana thu koloko anadzutsiratu nyale a Noreen asanafike. A Noreen anatuluka m'tenti atavala chikhoti chobiriwira ndi duku, chikwama chili pamkono. Anatsegula chitseko, anatsikira m'mpando pang'onopang'ono mpaka kufika pansi, n'kumanga lamba. Galimoto inanyamuka, zina khumi ndi zitatu zikutsatira.

"Mwachedwa kusintha giya," anatero a Noreen asanatuluke n'komwe m'bwalo.

"Eya."

"Ndipo muno mukununkha maluwa a kuchimbudzi."

"Eya, Noreen."

A Wragg mtima unali mbee. Akanatha kuyenda chomwecho mpaka ku Scotland. Koma chitunda chinayamba, mpanda wa miyala unayandikira, ndipo kutsogolo kunaoneka maambulera a anthu ndi a Bunting atakhala pampanda, chikho chili pambali pawo. A Wragg anasuntha chigongono. Chitini chinagwa, maswiti anati mbwee.

"Ayi, maswiti anga aja. Tatolani, Noreen, alowa pansi pa mpando wanuwo."

"Pachitunda pano?"

"Angalowe kubuleki."

A Noreen anadzuma n'kuwerama. A Wragg anaponda mafuta mpaka pansi. Nyale zinatsika bwinobwino, mwaulemu, yakumanzere ikutsalira. Zipewa zinavulidwa, anthu anaomba m'manja, a Bunting anagwira pamtima. A Wragg ankawerenga chamumtima, zinayi, zisanu, zisanu ndi chimodzi.

"Cyril," anatero mawu ochokera pansi.

"Mwawapeza?"

"Ndapeza swichi."

Chilimwe chonse a Wragg ankayeserera kuwerama ali pampando wa dalaivala. Sanaganizepo kuti wowerama pampando winawo mphuno yake imakafika pati.

"Ndi ya hita yotenthetsera m'galimoto," anatero.

"Mbali ina mwalemba kuti NOREEN. Mbali ina mwalemba kuti BUNTING." Kenako a Noreen anaonjezera kuti, "Ili pa BUNTING."

A Noreen anadzuka m'masekondi atatu okha, anayang'ana kutsogolo n'kuona nyale zili theka, zikusinza.

"Imani."

"Pano sitingaime, pali—"

"Imani, Cyril."

Anaima pakati pa khona, pamalo otsetsereka kuposa ena onse. Kumbuyo galimoto khumi ndi zitatu zinaima motsatizana, madala akukoka mahendibuleki ndi manja awiri.

"Ndimafuna kuti nonse musangalale," anatero a Wragg.

"Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi," anatero a Noreen osakweza mawu, "ndipo m'galimoto muno ndine theka la swichi. Theka linalo ndi Alwyn Bunting. Kenako mwandiwazira maswiti ngati nkhuku kuti ndiyang'ane pansi." Anamasula lamba. "Ndinasangalala m'mawa uno, Cyril. Ndinadzola ndi mafuta onunkhira."

Anagwira chitseko, anadzikoka mpaka kuima, anakonza duku n'kuyamba kukwera chitunda wapansi.

A Bunting anatsika pampanda n'kubwera pazenera. "Chavuta n'chiyani, Cyril? Kugwada kokongola chonchi ndiye n'kuima?"

A Wragg anamasula lamba wawo. Anawerama, anapisa dzanja pansi pa mpando wopanda munthuwo n'kuponyera swichi mbali inayo. Zzzt, kwapu. Nyale zonse ziwiri zinadzuka nthawi imodzi n'kuyang'ana khamu lonse m'maso.

Kuomba m'manja kunatha. Ngakhale a Gratton anamva.

A Wragg anatuluka, anatsegula boneti, anapisa mkono kuseri kwa nambala n'kusolola chubu cha njinga, chachitali, chakuda, cha zigamba zitatu. Chinatulutsa psss yomaliza chili m'manja mwawo.

A Bunting anayang'ana chubucho, nkhope yawo inafiira mpaka m'makutu. Anaima pafupi kuti atchinge anthu, n'kunong'ona.

"Bweza chimenecho, chitsiru iwe. Tseka boneti."

"Alwyn, waona wekha."

"Sindinaone kanthu. Ndinena kuti yazidzutsa ndi mphepo. Ndalira pamaso pa anthu, Cyril. Ndatchula malemu bambo anga chifukwa cha chubu cha njinga. Ukufuna azindiseka mpaka kumanda? Tseka boneti, tenga chikho, nkhaniyi ithere pompano."

A Wragg anayang'ana chikho pampanda paja, chikunyezimira ndi timadontho ta mvula. Anayang'ananso kumtunda, kumene chikhoti chobiriwira chinkacheperachepera, chikutsimphina pang'ono mwendo wakumanja. Anapita kubuti, anatenga pulayala, anagwada pakhomo la wokwera n'kudula waya. Anamatula kapepala kolembedwa BUNTING n'kukapereka kwa mwini dzina, amene anakalandira chifukwa chosowa chochita. Kenako anakonza tayi n'kutembenukira kwa anthu.

"Mamembala anzanga, amayi ndi abambo. Galimoto iyi ili ndi timamota tiwiri ta ku Japan, mawaya osaloledwa ndi chubu cha njinga chimodzi. Yaphwanya lamulo lachisanu ndi chiwiri. Monga amene ndinalemba lamuloli, ndikudzilanda chikho, ndipo ndikupempha komiti kuti isandichitire chifundo chifukwa inenso sindinachitirepo munthu. Woweruza wathu alibe mlandu. Khutu lake ndi labwino, kungoti chubuchi n'chabwino kuposa."

"Ukadzilande chikho uli pamwamba, mdala iwe!" anakuwa a Heathcote ali m'galimoto yachinayi. "Hendibuleki yanga ikutha kuno!"

A Wragg analowa m'galimoto, ananyamuka matayala akuterereka, ndipo anawapeza a Noreen pafupi ndi chipata cha nkhosa. Anachepetsa liwiro n'kumayenda nawo limodzi, zenera lili lotsegula. Kumbuyo kunkakwawa galimoto khumi ndi zitatu, zikununkha kilatchi yopserera, nyale zake zikugwa ndi kudzuka mosagwirizana.

"Ndadula waya," anatero a Wragg.

A Noreen anayendabe. "Wa ndani?"

"Wa Alwyn."

"Nanga chikho?"

"Chapita. Tayi nayonso mwina a komiti andivula Lachiwiri."

"Anthu amva?"

"Onse. Ndalankhula ngati kumaliro."

A Noreen anayenda mapazi ena khumi. Mvula inali itayamba kulimba ndipo duku linali litanyowa.

"Ndimakusowani, Noreen," anatero a Wragg, akuyang'ana chiwongolero. "Galimotoyi popanda inu ndi bafa basi."

A Noreen anaima. Galimoto khumi ndi zinayi zinaima.

"Ndikukwera chifukwa cha bondo langali," anatero. "Musadzinamize."

Analowa, anamanga lamba, anaika chikwama pamiyendo. A Wragg anaponda mafuta mpaka pansi pa gawo lomaliza la chitunda, injini inabangula, ndipo nyale zinangokhala chilili osagwedezeka ngakhale pang'ono. A Noreen anaziyang'anitsitsa mpaka pamwamba, kenako anagwedeza mutu kamodzi. Koma galimoto inayamba kupatukira kumanzere, matayala akudya udzu.

"Nyale zili bwinobwino. Nanga mukupitiranji kumpanda?"

"China chake chandilowa m'maso."

A Noreen anawayang'ana. Madzi ankatsika m'masaya onse awiri mpaka kukanyowetsa tayi ya kalabu.

"Imani ndiyendetse ineyo, mungatiphe."

Chigulireni galimotoyo panalibe munthu wina amene anakhalapo pampando umenewo, ngakhale makaniko. A Wragg anaima pambali pa msewu, anatuluka, anazungulira kutsogolo n'kukakhala kumanzere, mapazi ali m'maswiti. A Noreen anakokera mpando kutsogolo, anapotoza galasi loonera kumbuyo limene linali lisanasunthidwe chiyambire 1988, n'kukankha giya osaponda kilatchi mokwanira. Galimoto inalira ngati nkhumba ikuphedwa. A Wragg anatsegula pakamwa, anatsekanso, n'kumanga lamba.